Malamulo, makhoti ndi intaneti: mafunso ndi mayankho

Ntchito ya uloya inazolowera mapepala, zidindo ndi mabuku aakuluakulu. Lero zambiri zimachitikira pa kompyuta ndi pa foni, ndipo mafunso otsatirawa ndi omwe amabwerabwera anthu akamakambirana za kusinthaku. Dziko lililonse lili ndi malamulo ake, choncho milandu yotchulidwa muno ndi yongoonetsa momwe makhoti osiyanasiyana akhala akuganizira.

Kodi intaneti isanabwere maloya ankafufuza bwanji malamulo?

Ankakhala m'laibulale. M'maiko omwe anatengera malamulo a ku England, woweruza sayang'ana lamulo lolembedwa ndi Nyumba ya Malamulo lokha, amatsatanso zomwe makhoti aakulu anagamulapo pa milandu yofanana. Zigamulozo zinkasindikizidwa m'mabuku chaka ndi chaka, ndipo loya ankayenda nazo tsamba ndi tsamba mothandizidwa ndi mabuku ena ondandalika mitu ya nkhani.

Kupeza chigamulo kunali kovuta, koma chovuta kwambiri chinali kudziwa ngati chigamulocho chidakali ndi mphamvu. Mu 1873 Frank Shepard, yemwe ankagulitsa mabuku a zamalamulo ku Chicago, anayamba kusindikiza timapepala tomata. Loya ankamata kapepalako pambali pa chigamulo m'buku lake, ndipo kankamuuza milandu ina yomwe inatchulapo chigamulocho pambuyo pake. Patadutsa zaka 100, mu 1973, kunabwera Lexis, ndipo Westlaw inatsatira mu 1975. Apa ndi pomwe loya anayamba kulemba mawu ochepa pa kompyuta n'kupeza milandu yonse yomwe muli mawuwo.

Chinthu chimodzi chinatayika panjira. Buku la mitu linkamukakamiza munthu kuganiza kaye kuti nkhani yake ikugwa m'gawo liti la malamulo. Bokosi lofufuzira silifunsa zimenezo. Limakupatsani zomwe mwalemba, ndipo ngati woweruza wakale anagwiritsa ntchito liwu lina pa nkhani yomweyo, chigamulo chake chimakudutsani osadziwa.

Ine si loya. Ndingathe kuwerenga malamulo ndi zigamulo popanda kulipira?

Inde, ndipo pa zonse zomwe intaneti yasintha, ichi ndi chomwe chathandiza munthu wamba kwambiri. Mu 1992 sukulu ya zamalamulo ya Cornell ku America inakhazikitsa Legal Information Institute, tsamba loika malamulo poyera kuti aliyense awerenge. Ena anatengera: AustLII ku Australia mu 1995, BAILII ya Britain ndi Ireland mu 2000, kenaka CanLII ku Canada, SAFLII kummwera kwa Africa, ndi masamba a maiko angapo ogwira ntchito limodzi ndi AfricanLII. Mu 2002 mabungwewa anakumana ku Montreal n'kugwirizana mfundo yakuti malamulo ndi chuma cha anthu onse. Google Scholar nayo inayamba kuonetsa zigamulo za makhoti a ku America mu 2009.

Musanakhulupirire zomwe mwapeza, onani zinthu zitatu. Lamulolo ndi la dziko liti? Linasinthidwapo chilembedwereni? Nanga linayamba kugwira ntchito? Funso lachitatuli anthu amaliiwala. Lamulo likhoza kuvomerezedwa ndi aphungu, kusainidwa, kusindikizidwa m'gazeti ya boma, koma n'kumadikirabe tsiku loti nduna ilengeze kuti layamba kugwira ntchito. Masamba ena amaika lamulo monga linalili tsiku loyamba, pomwe ndime zina zinafufutidwa kalekale.

Ndapeza chigamulo chofanana ndendende ndi nkhani yanga. Ndiye kuti ndapambana kale?

Dekhani. Onani kaye khoti lomwe linapereka chigamulocho, chifukwa khoti laling'ono silimanga lalikulu, ndipo la dziko lina limangopereka maganizo omwe woweruza angawatenge kapena kuwasiya. Onaninso ngati mlanduwo sunapite ku apilo n'kukatembenuzidwa.

Kenaka werengani chigamulo chonse. Si mawu onse a woweruza omwe ali lamulo. Chomwe chimamanga makhoti ena ndi mfundo yomwe chigamulo chatsamirapo, osati ndemanga zongodutsa. Pamene oweruza ali angapo, ndime yokoma yomwe kompyuta yakuonetsani ikhoza kukhala ya woweruza yemwe anatsutsana ndi anzake n'kugonja. Ikhozanso kukhala pomwe woweruza akungobwereza zomwe loya wa mbali ina ananena, asanazikane pa ndime yotsatira.

Zoti AI (mapulogalamu a pa kompyuta otsanzira nzeru za munthu) imapeka milandu yomwe kulibe ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo yachititsa kale manyazi maloya m'maiko angapo. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Mata v. Avianca ku New York mu 2023. Bambo wina anasumira kampani ya ndege ya Avianca ponena kuti kangolo yoperekera zakudya inamuvulaza bondo ali m'ndege. Maloya ake anapereka kukhoti chikalata chotchula milandu yakale yoikira kumbuyo mfundo zawo. Maloya a kampaniyo atafufuza, milandu 6 sinapezeke paliponse. Inachokera ku ChatGPT, pulogalamu ya AI yoyankha mafunso, ndipo inali ndi maina, manambala, ngakhale mawu omwe amati ananena ndi oweruza. Loya yemwe anafufuzayo atayamba kukaika, anafunsa ChatGPT yomweyo ngati milanduyo inali yeniyeni, iyo n'kuvomera. Woweruza P. Kevin Castel anawalipitsa chindapusa cha madola 5,000. Ananena momveka kuti kugwiritsa ntchito chipangizo chodalirika si kulakwa. Chomwe chinamukwiyitsa n'chakuti maloyawo anapitiriza kuikira kumbuyo milandu yabodzayo atachenjezedwa kale.

Wina akanaganiza kuti ena atengerapo phunziro. Ayi ndithu. Mu Januwale 2025 khoti lalikulu la ku Pietermaritzburg ku South Africa linapeza kuti milandu yambiri yotchulidwa pa pempho lina la apilo inali yosapezeka. Mu Juni chaka chomwecho khoti lalikulu la ku London linaunika nkhani ziwiri zotere. Pa ina, mwa milandu 45 yotchulidwa, 18 kunalibe, ndipo loya anangotenga kafukufuku yemwe kasitomala wake anachita yekha n'kumupereka osamuona. Woweruza Dame Victoria Sharp anachenjeza kuti loya wochita zotere akhoza kutengeredwa ku bungwe loyang'anira maloya, kapenanso kuimbidwa mlandu wonyoza khoti.

Chimachititsa n'chiyani? Mapulogalamu a mtundu wa ChatGPT si nkhokwe ya zigamulo. Anaphunzitsidwa ndi zolemba zambirimbiri kuti azilosera liwu loyenera kutsatira linzake. Dzina la mlandu lili ndi kaonekedwe kodziwika: maina awiri, chaka, nambala ya buku, tsamba. Pulogalamu imatha kupanga chinthu chokhala ndi kaonekedweko mosavuta, ndipo chonama chimatuluka chosalala ngati choona. Bodza la munthu kawirikawiri limakhala ndi pogwirira, munthu amachita chibwibwi kapena kudzitsutsa. Ili ayi. N'chifukwa chake njira yoligwirira ndi imodzi yokha: kutsegula chigamulo chenichenicho pa tsamba la khoti kapena m'buku, n'kuwerenga ndime yatchulidwayo ndi maso anu.

Ndiye si bwino maloya angoisiya AI?

Mabungwe oyang'anira maloya sakunena zimenezo. Mu 2012 American Bar Association, bungwe la maloya ku America, inaonjezera pa malangizo ake mfundo yakuti loya wodziwa ntchito ayenera kutsata ubwino ndi kuopsa kwa zipangizo zamakono zokhudza ntchito yake, ndipo mu 2024 inatulutsa malangizo apadera a AI. Kunena kuti “ine za makompyuta sindizidziwa” sikumupulumutsanso munthu.

Pali ntchito yomwe makina amaigwira bwino. Makampani akuluakulu akasumirana, mbali iliyonse imayenera kuonetsa inzake zikalata zokhudza mlanduwo, ndipo masiku ano zimenezi zikhoza kukhala maimelo mamiliyoni. Kale ankalemba ganyu gulu la maloya achinyamata kuti aziwerenga imodziimodzi. Mu 2012 woweruza Andrew Peck wa ku New York anavomereza njira yomwe loya amawerenga zikalata zochepa n'kuphunzitsa kompyuta zoyenera kusankha, iyo n'kusefa zotsalazo. Khoti la ku England linavomereza zomwezo mu 2016.

Choopsa chomwe sichikambidwa mokwanira ndi chinsinsi. Zomwe kasitomala wauza loya wake zimatetezedwa ndi lamulo. Loya akakopera kalata ya kasitomala n'kuiika mu pulogalamu yaulere kuti imufupikitsire, wapereka chinsinsicho ku kampani ina, yomwe mwina imasunga zolembedwazo kapena kuphunzitsira makina ake. Muli ndi ufulu womufunsa loya wanu komwe zikalata zanu zimapita.

Kodi uthenga wa pa WhatsApp kapena imelo ungakhale umboni kukhoti?

M'maiko ambiri, inde. Maziko ake anaikidwa mu 1996 pomwe UNCITRAL, nthambi ya United Nations yoona za malamulo a malonda, inalemba lamulo lachitsanzo loti maiko azitengera. Mfundo yake ndi yosavuta: chikalata chisakanidwe pa chifukwa chokhacho chakuti chili pa kompyuta.

Koma kulandiridwa n'kwina, kukhulupiriridwa n'kwinanso. Woweruza amafuna kudziwa yemwe analemba uthengawo, nthawi yomwe anaulemba, ndiponso ngati sunasinthidwe. Chithunzi chojambula zomwe zili pa sikirini ya foni ndi umboni wofooka, chifukwa dzina lomwe likuoneka pamwamba ndi lomwe mwini foni anasunga yekha, ndipo mauthenga a pakati akhoza kufufutidwa. Sungani foni yeniyeniyo ndi macheza onse, osati kachidutswa kokukomerani. Akatswiri akamakopera zomwe zili m'foni kapena m'kompyuta, amawerengetsa nambala yapadera yotchedwa hash. Chilembo chimodzi chikasinthidwa m'failo, nambalayo imasinthiratu, ndipo pamenepo m'pomwe amadziwira kuti wina wagwirako.

Kubwera kwa mavidiyo ndi mawu opangidwa ndi AI kwabweretsa mavuto awiri. Umboni wabodza ukhoza kuoneka ngati weniweni, komanso munthu wogwidwa pa vidiyo yeniyeni tsopano ali ndi pothawira, amangoti ndi yopanga.

Koma zomwe kompyuta yawerengetsa sizingakhale zolakwika, si choncho?

Maganizo amenewa anaika anthu osalakwa m'ndende. Mu 1999 Post Office ya ku Britain inayamba kugwiritsa ntchito pulogalamu yowerengera ndalama yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu. Posakhalitsa pulogalamuyo inayamba kuonetsa kuti m'mapositi ofesi ang'onoang'ono ndalama zikuperewera. Oyendetsa maofesiwo ankakana kuti sanabe, koma ambiri ankauzidwa kuti vutolo likuoneka kwa iwo okha. Kuyambira 1999 mpaka 2015 anthu opitirira 900 anapezeka olakwa pa milandu ya kuba ndi chinyengo. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sanatenge, ena anamwalira dzina lawo lisanayeretsedwe.

Lamulo linathandizira tsokali. Kale ku England wobweretsa umboni wochokera m'kompyuta ankayenera kuonetsa kuti kompyutayo inkagwira bwino ntchito. Ndime imeneyo inachotsedwa ndi lamulo la mu 1999, ndipo makhoti anayamba kungotenga kuti makina ali bwino pokhapokha wina aonetse kuti ali ndi vuto. Nanga munthu wa m'sitolo yaing'ono angaonetse bwanji vuto la pulogalamu yomwe mkati mwake saloledwa kuonamo?

Zinatengera anthu 555 kusuma pamodzi. Mu 2019 khoti lalikulu linapeza kuti Horizon inali ndi zolakwika zambiri, komanso kuti ogwira ntchito ku Fujitsu ankatha kulowa m'maakaunti a maofesiwo ali kutali. Mu Epulo 2021 khoti la apilo linafafaniza zigamulo za anthu 39, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inachita chinthu chosazolowereka, inakhazikitsa lamulo lofafaniza zigamulo zotsalazo nthawi imodzi.

Ndikavomera mgwirizano pa foni osasaina papepala, ndamangika?

Mukhoza kumangika. America inavomereza siginecha ya pa kompyuta ndi lamulo la mu 2000, ndipo European Union ili ndi malamulo ake a mu 2014. Khoti limayang'ana ngati chizindikiro chomwe mwaika chikuonetsa kuti ndinu, ndiponso ngati munafuna kuvomera.

Mu 2021 ku Saskatchewan, m'dziko la Canada, wogula mbewu anatumizira mlimi chithunzi cha mgwirizano wogula mbewu ya fulakesi n'kumupempha kuti atsimikize. Mlimiyo anayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu choloza m'mwamba. Nthawi yopereka mbewu itakwana mtengo unali utakwera, ndipo sanapereke. Kukhoti ananena kuti kachalako kankangotanthauza kuti uthenga waulandira. Woweruza anayang'ana momwe awiriwa ankachitira malonda m'mbuyomo, n'kupeza kuti mlimiyo ankavomera migwirizano ndi mawu afupiafupi a pa foni, kenaka n'kuperekadi katundu. Mu 2023 anamulamula kulipira madola a ku Canada pafupifupi 82,000.

Zikalata zina, monga wilo, m'maiko ambiri zimafunabe inki ndi mboni zoona ndi maso.

Masamoni angabwere kudzera pa Facebook?

Angathe, ngati khoti laloleza. Khoti lina ku Canberra, Australia, linaloleza kutumiza zikalata za khoti pa Facebook mu 2008, ndipo khoti lalikulu la ku Durban linachita chimodzimodzi mu 2012. Kawirikawiri wodandaula amayenera kuonetsa kuti njira zozolowereka zakanika, komanso kuti akauntiyo ndi ya munthu akufunidwayo ndipo amaigwiritsabe ntchito. Kuzemba wobweretsa masamoni pakhomo sikuthandizanso monga kale.

Bwanji woweruza osangofufuza yekha pa Google kuti adziwe zoona?

Chifukwa mlandu umagamulidwa potengera umboni womwe mbali zonse zaumva ndipo zapatsidwa mpata woutsutsa. Zomwe woweruza wawerenga yekha usiku kunyumba palibe yemwe wazifunsa mafunso. Kufufuza malamulo n'kololedwa, ndi ntchito yake. Kufufuza za anthu ali pa mlanduwo kapena za chomwe chinachitika ndiye ayi.

Vutoli ndi lalikulu m'maiko momwe anthu wamba amasankhidwa kukhala m'gulu logamula mlandu lotchedwa jury. Mu 2012 mphunzitsi wina wa pa yunivesite ku England anagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 6 chifukwa anafufuza pa intaneti za woimbidwa mlandu, n'kuuza anzake m'gululo kuti munthuyo anaimbidwapo mlandu wina kale. Mlandu wonse unaima. Mu 2015 dzikolo linaika m'lamulo kuti kufufuza kotere ndi mlandu pakokha.

Ngakhale pomwe khoti latchula tsamba la pa intaneti moyenera, pali vuto lina: masamba amafa. Ofufuza a ku Harvard anapeza cha mu 2013 kuti pafupifupi theka la maadiresi a pa intaneti otchulidwa m'zigamulo za khoti lalikulu kwambiri la America sankafikitsanso ku zomwe woweruza anawerenga. N'chifukwa chake anakhazikitsa Perma.cc, yosunga tsamba monga linalili tsiku lomwe linatchulidwa.

N'chifukwa chiyani malamulo amatsalira m'mbuyo zipangizo zikamasintha?

Khoti silipita kukasaka nkhani, limadikira kuti wina asume. Nyumba ya Malamulo nayo imafuna nthawi yokambirana. Pomwe lamulo likutuluka, chipangizo chomwe amachiganiziracho chimakhala chitasintha kale.

Nkhani ya mafoni ku America ikuonetsa bwino. Mu 1928, pa mlandu wa Olmstead, khoti lalikulu linati apolisi omvetsera mobisa zokambirana za pa lamya sanaphwanye ufulu wa munthu, poti sanalowe m'nyumba mwake. Zinatenga zaka 39 kuti khotilo lisinthe maganizo, pa mlandu wa Katz mu 1967, ponena kuti lamulo limateteza munthu osati malo okha. Mu 2014, pa mlandu wa Riley, oweruza onse 9 anagwirizana kuti wapolisi akamanga munthu sangangotsegula foni yake popanda chilolezo cha khoti, chifukwa foni si chikwama cha m'thumba, muli moyo wonse wa mwini wake. Mu 2018 khotilo linaonjezera kuti chilolezocho chikufunikanso pofuna kutenga ku kampani ya mafoni mbiri ya malo omwe munthu wakhala akuyenda.

Kuchedwaku sikuti n'koipa nthawi zonse. Lamulo lolembedwa mothamanga, lotchula chipangizo ndi dzina, limakalamba limodzi ndi chipangizocho. Vuto lenileni ndi malire a maiko: wakuba ali dziko lina, wobedwa dziko lina, kompyuta yosunga umboni dziko lachitatu. Pangano la ku Budapest la mu 2001 ndi la African Union lomwe linavomerezedwa ku Malabo mu 2014 ndi ena mwa mayesero ogwirizanitsa maiko pa nkhaniyi. La ku Malabo linadikira mpaka 2023 kuti maiko okwanira alivomereze.

Nkhani yanga yakale ikungotulukabe anthu akalemba dzina langa. Ndingaichotse?

Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo intaneti yawavomereza mopitirira muyeso. Kale chigamulo chinali poyera, koma wofuna kuchiona ankayenera kupita kukaundula wa khoti. Lero wolemba ntchito aliyense amachipeza ali pampando.

Mu 2014 khoti la European Union linaweruza nkhani ya bambo wa ku Spain yemwe dzina lake linkatulutsa chilengezo cha m'nyuzipepala cha mu 1998, chonena za kugulitsidwa kwa nyumba yake chifukwa cha ngongole yomwe inali itatha kalekale. Khotilo linalamula Google kuchotsa chilengezocho pa zotuluka munthu akafufuza dzinalo. Nyuzipepala sinalamulidwe kufufuta kanthu. Ufuluwu unalowanso m'lamulo la European Union loteteza mbiri za anthu, lotchedwa GDPR, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018, koma uli ndi malire, makamaka kwa andale ndi ena omwe anthu ayenera kudziwa mbiri yawo. Kunja kwa Europe zimatengera lamulo la dziko lanu loteteza mbiri za anthu, ngati lilipo. Makhoti ambiri amabisanso okha maina a ana ndi a anthu ochitiridwa nkhanza asanaike chigamulo pa intaneti.

Kodi tsiku lina kompyuta idzakhala woweruza?

Khoti kusamukira pa intaneti kunachitika kale. British Columbia ku Canada inatsegula Civil Resolution Tribunal mu 2016, yomva milandu ing'onoing'ono pa intaneti, ndipo China inatsegula khoti la pa intaneti ku Hangzhou mu 2017. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, makhoti ambiri anayamba kumva milandu pa vidiyo. Zimapulumutsa ndalama zoyendera, koma wopanda netiweki yabwino amavutika, ndipo woweruza sangaone ngati pali wina kuseri kwa kamera yemwe akuuza mboni zonena.

Kugamula kwenikweni ndi nkhani ina. Mu 2016 khoti lalikulu la Wisconsin ku America linamva dandaulo la mkaidi yemwe chilango chake chinaganiziridwa mothandizidwa ndi pulogalamu ya COMPAS, yolosera ngati munthu angadzapalamulenso. Iye anati sangatsutse mawerengedwe omwe kampani ikuwabisa ngati chinsinsi cha malonda. Khoti linalola kuti pulogalamuyo izigwiritsidwabe ntchito, bola isakhale yokhayo yogamula. Lamulo la European Union la mu 2024 lokhudza AI linaika mapulogalamu othandiza oweruza m'gulu la zinthu zoopsa kwambiri zofunika kuyang'aniridwa mwapadera.

Nanga pulogalamu ya kampani ikandinamiza, ndisumire ndani?

Kampaniyo. Mu 2024 bwalo la ku British Columbia lija linamva nkhani ya munthu yemwe agogo ake atamwalira anafunsa pulogalamu yocheza nayo pa tsamba la Air Canada za mtengo wotsika wa opita kumaliro. Pulogalamuyo inamuuza kuti agule tikiti kaye, ndalama zina adzabwezeredwa pambuyo. Malamulo enieni a kampaniyo sankalola zimenezo, ndipo atapempha ndalamazo anamukaniza. Pa mlanduwo kampani inayesa kunena kuti pulogalamuyo ndi yoima payokha, yoyenera kuyankha yokha pa zonena zake. Bwalo linakana, linati pulogalamuyo ndi gawo chabe la tsamba la kampani, ndipo kasitomala sangayembekezeredwe kudziwa mbali ya tsamba yoyenera kuikhulupirira. Air Canada inalamulidwa kumulipira.